Kathy Cook ndi masentimita 9

Aphunzitsi athu a maphunziro a masewero anatipatsa ntchito yoti aliyense asankhe katswiri wothamanga amene anapuma kale, n'kufufuza mbiri yake. Anzanga ambiri anathamangira mayina a anthu a golide. Ine ndinasankha Kathy Cook wa ku Britain, yemwe asanakwatiwe ankadziwika kuti Kathy Smallwood, ndipo mpaka lero akadali m'mutu mwanga.

Mamendulo ake a Olympics ndi atatu, onse a bronze: mpikisano wopatsirana kamtengo wa 4x100 ku Moscow mu 1980, kenako mamita 400 ndi 4x100 ku Los Angeles mu 1984. Nditangoona zimenezi ndinkati nkhani yathera pomwepo. Zinasintha pamene aphunzitsi anandiuza kuti ndisiye kuwerenga malo amene anamalizira, ndiyang'ane nthawi zake.

Ku Los Angeles komweko, mu fainolo ya mamita 200, Cook anathamanga masekondi 22.10 n'kukhala wachinayi. Merlene Ottey wa ku Jamaica anatenga bronze ndi 22.09. Ndinatenga pepala n'kuwerengera ndekha. Pa liwiro lotere munthu amadutsa pafupifupi mamita 9 pa sekondi imodzi, ndiye kuti kusiyana kwawo kunali ngati masentimita 9 okha. Ndinayeza pa rula, ndinapeza kuti ndi m'lifupi mwa chikhatho changa. Zinandikhudza kwambiri kuti zaka zonse zokonzekera zija zinapimidwa ndi kampata kotere.

Komatu 22.10 yomweyo inakhala rekodi ya Britain kwa zaka 31, mpaka Dina Asher-Smith anathamanga 22.07 ku Beijing mu 2015. Ya mamita 400, 49.43, inaima mpaka 2013 pamene Christine Ohuruogu anaiphwanya ndi 49.41 ku Moscow. Ya mamita 100, 11.10 ya mu 1981, inagwa mu 2008. Munthu mmodzi, mitunda itatu yosiyana kaphunzitsidwe kake, ndipo mibadwo ya othamanga inabwera n'kupita osamufika.

Tisaiwalenso nyengo imene ankathamanga. M'zaka zimenezo akazi a ku East Germany ndiwo ankalamulira, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti boma lawo linkapereka mankhwala owonjezera mphamvu kwa ochita masewero. Ndikamawerenga zotsatira za nthawi imeneyo, ndimaona kuti malo achitatu kapena achinayi sakufotokoza zonse.

Lachisanu tinali pabwalo ndi ana a sukulu, ine nditagwira wotchi yapamanja yoyezera nthawi. Taphunzira kuti chala cha munthu chimachedwa kudina, moti nthawi ya pamanja imasiyana ndi ya makina ndi pafupifupi 0.24 pa mitunda yaifupi. Mtsikana wina anamaliza wachinayi n'kuyamba kuchoka mutu uli pansi. Ndinamuitana, ndinamuonetsa nthawi yake pafupi ndi ya mwezi watha, ndipo ndinailemba m'kope iye akuona.