Wopita ku Kulamba pa galimoto yake ayambe waona nambala ya injini

Ndabwerako bwino ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene kumachitikira mwambo wa Achewa wa Kulamba, koma mapepala a galimoto anatsala pang'ono kundithetsera ulendo. Inu amene mukuganiza zodzapita ku Katete pa galimoto yanu Kulamba ikadzakwana kumapeto kwa Ogasiti, tsegulani boneti lero lomwe. Pukutani girizi pa injini, muwerenge nambala yake, muifananitse ndi imene ili pa bulu buku. Nambala ya chasisi chimodzimodzi.

Nkhani yake ndi iyi. Galimoto isanatuluke m'dziko imafunika kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba, imene anthu amangoti ya Interpol. Kalatayi salemba pongoona mapepala ayi, amafuna galimoto yeniyeniyo aione, awerenge manambala. Ambirife injini ikagwa timagula ina yakale, makaniko n'kuikamo, ife n'kumayenda osakasintha zolembedwa ku Road Traffic. M'tauni muno palibe amakufunsa. Tsiku lofuna kalatayi ndi pamene zimaululika, ndipo ine zinandidyera masiku awiri athunthu: kusaka lisiti la kumene injini inagulidwa, kubwerera nalo, kuima pamzere, kulipira, kudikira bulu buku yokonzedwa. Cholakwa chinali changa, koma chinandipweteka mtima kwambiri ndi madobadoba. Akangoona nkhope yothedwa nzeru akuzungulira, “Bwana, tikuthamangitsireni, lero lomwe zituluka.” Mmodzi anatenga yake, n'kundilozera zenera lomwe ndikanalipeza ndekha. Musawapatse bulu buku m'manja, ngakhale akuti akungokachita fotokope.

Ngati dzina la pa bulu buku si lanu, kaya ndi ya achimwene, ya kuntchito kapena ya ngongole ya kubanki, tengani kalata ya mwiniwake yokulolani kutuluka nayo, yodindidwa ndi loya, pamodzi ndi kope la chiphaso chake. Mawu a pakamwa oti ndi ya abale anga sagwira ntchito pachipata.

Inshulansi ya kuno siiwoloka yokha. Pitani ku kampani yanu mukagule COMESA Yellow Card ya masiku amene mukakhaleko. Musaisokoneze ndi kabuku kachikasu ka katemera, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Dziwaninso kuti ku Mozambique siigwira, ndiye odutsira ku Dedza kapena ku Mwanza akagula ya komweko.

Pachipata penipeni zinthu zinasintha ndithu kuchokera pamene a Chakwera ndi a Hichilema anatsegulira nyumba zatsopano za Mchinji ndi Mwami mu Disembala 2022. Popita mumaima mbali ya Zambia kokha, maofesala a mayiko onse awiri ali m'nyumba imodzi. Pobwera mumaima mbali ya kuno. Pasipoti sichedwa, Mmalawi safuna viza. Imene imachedwetsa ndi galimoto. A MRA akupatsani pepala loitulutsa kwa kanthawi, a ZRA, anzawo a ku Zambia, loilowetsa kwa kanthawi, kenako pali msonkho wa utsi umene amawerengera kukula kwa injini, wa msewu, ndi wa khonsolo. Uliwonse ndi lisiti lake, ndipo sungani onse mu envelopu imodzi chifukwa pamarodibuloko a msewu wa Chipata amawafunsa. Makwacha a ku Zambia mukhale nawo kale, ndi timadola pang'ono. Osintha ndalama a panja amawerenga mothamanga dala, bwerezani nokha musanapereke yanu.

Ndinaiwala: zomata zowala usiku, zoyera kutsogolo, zofiira kumbuyo, matirayango awiri ndi chozimitsira moto. Gulirani ku Lilongwe. Ndipo musananyamuke onaninso nambala ya injini ija pa kalata ya apolisi, chifukwa chilembo chimodzi chikaphonyeka polemba, vuto ndi lanu.

Chimene sindimvetsa n'chakuti anthu a Gawa Undi ndi amodzi, a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo kuchokera ku Chipata kukafika ku Katete ndi makilomita osakwana 100, koma galimoto imanyamula mapepala ngati ikupita kutsidya kwa nyanja yamchere. Anthu a m'malire ali ndi chiphaso chawo cha masiku ochepa, border pass, ngakhale mufunse kaye ngati chikukulolani kufika kutali chonchi. Amalonda ang'onoang'ono ali ndi ndondomeko ya COMESA ya katundu wosapitirira madola 2,000, bola ali pamndandanda womwe mayiko awiriwa anagwirizana, ndi fomu yaifupi yoti adzaze. Inshulansi nayo inatheka kukhala khadi limodzi. Nanga chilolezo chimodzi cha galimoto yaing'ono, chogula kamodzi, chinakanika pati? Mabanja ambiri bwenzi akupita ku Ncwala ku Mtenguleni kapena ku Mfuwe kukaona nyama, a ku Chipata nawo akubwera kudzadya chambo ku Salima.

Masiku amene akudindirani mu pasipoti ndi amene ali pa pepala la galimoto sakhala ofanana nthawi zonse, ndiye werengani onse awiri musanachoke pazenera. Pobwerera perekani pepala la ZRA lija atseke, la MRA chimodzimodzi. Mukangodutsa osapereka, mu kompyuta galimoto yanu imaonekabe ngati ili ku Zambia, ndipo mudzaziona ulendo winawo.