Tatsala pang'ono kumaliza, mayi

Zaka zingapo zapitazo ndinagwirapo ganyu yofunsa mafunso m'midzi, pa kafukufuku wa nkhawa ndi kukhumudwa kwa amayi amene angochira kumene. Tisanayambe tinkawerenga kalata ya chilolezo: muli ndi ufulu wokana, mutha kusiya nthawi iliyonse, palibe adzakuimbeni mlandu. Mayi ankasaina kapena kudinda chala, basi tayambapo.

Tsiku lina pakhonde la nyumba ina ndinafika pa funso loti kodi anayamba aganizapo zodzipha. Mayiyo anangoti zii, mwana ali kubere, misozi ili chuchuchu. Kenako chapansipansi anati, "Achimwene, bwanji tilekere pomwepa?" Ine ndinayang'ana pepala, mafunso otsala ochepa chabe, dzuwa lapendeka, galimoto ikudikira kumsewu. Ndinati, "Tatsala pang'ono kumaliza, mayi." Anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje n'kuyankha onse.

Mawu angawo anandibwerera nditawerenga za Stanley Milgram, katswiri wa maganizo a anthu wa pa yunivesite ya Yale ku America. Mu 1961, chaka chimene Adolf Eichmann, mkulu wina wa boma la Nazi la ku Germany amene anatenga mbali pa kupha Ayuda, ankazengedwa mlandu ku Jerusalem, Milgram ankafuna kudziwa kuti munthu wamba angafike pati pomvera wamkulu. Anaitana amuna kudzera m'nyuzipepala, n'kuwauza kuti ndi kafukufuku wa mmene anthu amaphunzirira ndi kukumbukira zinthu. Malipiro anali madola 4 ndi masenti 50. Aliyense ankakhala kutsogolo kwa makina okhala ndi maswitchi a magetsi, mphamvu yake yoyambira mavolti 15 mpaka 450, ndipo ankauzidwa kuti mnzake wa m'chipinda china akaphonya yankho, amumenyetse ndi magetsi, n'kumakweza mphamvu nthawi iliyonse. Magetsiwo sankamufika, mnzakeyo anali wongochita sewero, koma wodina switchi sankadziwa zimenezo. Pa amuna 40 a gulu loyamba, 26 anafika mpaka pa 450.

Ambiri akamakamba nkhaniyi amaima pa 26 ameneyo. Ine chimene chimandiwawa ndi zimene amunawo anadutsamo. Lipoti la Milgram yemweyo la 1963 limanena kuti ankatuluka thukuta, kunjenjemera, kuchita chibwibwi, kudziluma milomo, ndipo atatu anagwidwa ndi kuseka kosaletseka mpaka thupi kuphiriphitha. Akapempha kuti asiye, bambo wovala chovala cha mu labotale ankawayankha modekha kuti apitirize, kuti kafukufuku akufuna apitirize, mpaka kuwauza kuti palibe kuchitira mwina. Katswiri wina wa maganizo a anthu, Diana Baumrind, anatsutsa zimenezi mu 1964, ndipo patapita zaka zambiri Gina Perry, wolemba mabuku wa ku Australia, atamvetsera matepi a kafukufukuyu osungidwa ku Yale, anapeza kuti ambiri anabwerera kwawo asanauzidwe zoona zonse.

Bambo wa mu labotale uja sankakalipa, sankaopseza aliyense. Inenso sindinakalipe. Ndinali ndi pepala, baji pachifuwa, galimoto yoyera, ndipo dzulo lake amfumu anali atauza mudzi kuti kubwera alendo, muwalandire bwino. Mayi woleredwa kuti mlendo sabwezedwa pakhomo angakane bwanji kawiri? Anakana kamodzi, mwaulemu monga mmene amayi athu amakanira, ine n'kudumpha ngati sindinamve.

Kuno kwathu kafukufuku wotere amayamba wavomerezedwa ndi makomiti oona kuti kafukufuku asavulaze anthu, ndipo wathu anali ndi chidindo chake. Sindikuchepetsa ntchito imeneyo ayi, imateteza anthu ambiri. Koma a komiti sanali pakhonde paja. Panali ine ndi mayiyo, ndipo ufulu wosiya umene ndinamuwerengera ndi pakamwa panga ndinamulanda ndi pakamwa pomwepo, ola lisanathe.

Madzulo ake pepala lake linawerengedwa m'gulu la omalizidwa bwino. Ndinamusiyira kapepala kopita nako kuchipatala monga tinaphunzitsidwira, koma chipatalacho chinali kutali, ndipo kumudziko sitinabwererekonso.