Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Funso la mwana wa achemwali

Gawo lapitalo ndinasiyira paja ndinayamba geni ya kaunjika mu Limbe, zinthu zikuoneka ngati zayamba kuyenda. La leroli ndakhala ndikulizemba kwa miyezi, ndikangoyamba kulemba pafoni manja amachita kunjenjemera ndiye ndimangofufuta, koma lero ndati basi ndilembe kaya zituluka bwanji.

Achemwali anga ankakhala ku Chilobwe, kumtunda kwenikweni m'mbali mwa phiri la Soche, ine ndikuchita lendi kumunsi ku Manja. Kumtunda kuja anakwerako chifukwa lendi inali yotchipa, mayi woti bambo anamuthawa, ana awiri, ndalama yake ya mandasi, sasankha malo okhala. Anali ndi mtsikana wa zaka 9 ndi kamnyamata ka zaka 4 kokonda kuvala nsapato za amake nkumayenda nazo pakhomo. Achemwaliwo anali a Mvano, munthu woti 4 koloko m'mawa asanayike mafuta pamoto amayamba wagwada kaye, ndipo maliro akachitika m'dera ndi iwo oyamba kufika ndi nkhuni pamutu.

Mu Marichi 2023 wailesi inkanena ndithu kuti kukubwera namondwe wotchedwa Freddy, wachokera kutali kufupi ndi Australia, waomba kale Madagascar ndi Mozambique kenako wabwereranso. Tinamva, koma kuthawa tithawira kuti? Loweruka mtsikana uja anatsika kudzanditengera ndowa, mvula itakula ndinayimbira amake kuti mwanayu agone konkuno abwera ikakata. Anati chabwino, umuuze asaiwale kupemphera pogona. Mawu omaliza amene ndinamva kwa achemwali anga ndi amenewo.

Mvula sinakate. Lamlungu tsiku lonse, usiku wonse, magetsi atathima, foni batire itatha. Kuchera Lolemba pa 13 tinamva chimkokomo ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, pansi pakuchita kugwedezeka, kenako kukuwa kwa anthu. Nditathamangira kumtunda sindinathe kuloza pamene panali nyumba ya achemwali. Panali matope okhaokha ndi miyala ikuluikulu, ina kukula kuposa minibasi, malata atapindika ngati pepala. Azibambo ndi anyamata akukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieni mvula ikuwathira. Achemwali tinawapeza Lachiwiri kumunsi kutali ndi kwawo, ndinawazindikira ndi chitenje, nkukawatenganso ku mochale ku Queens komwe kunali mitembo yoti sindifuna kufotokoza. Kamnyamata kaja mpaka lero sikanapezeke.

Lachitatu pa sukulu ya Naotcha panali mwambo wa maliro, mabokosi atandandalikidwa, a Pulezidenti Chakwera anabwera ndipo analengeza masiku 14 olira dziko lonse. Pambuyo pake boma linati anthu oposa 670 afa, oposa 500 sanaoneke, oposa 600,000 alibe pokhala, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Nsanje, Chikwawa konseko. Komanso nthawi imeneyo tili mkati mwa mliri wa kolera. Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata, chaka chimenecho ndi chomwe ndinaumvetsa mwambiwu.

Koma chomwe ndikufuna kulemba lero ndi zomwe anthu ankayankhula pasiwa kumudzi ku Thyolo titapita kukayika. Mlaliki wina anaima nkunena kuti Mulungu wakwiya ndi machimo a mu Blantyre, wachita ngati Sodomu, tilape. Ndinakhala pamphasa mtima ukuwira. Machimo ake ati? A mayi wodzuka 4 koloko kupemphera? A kamwana ka zaka 4? Nanga bwanji matope aja sanapite kumanyumba a mipanda kwa anthu odya ndalama za mankhwala a m'zipatala? Ena pofuna kunditonthoza ankati Mulungu wathyola duwa lake, ena akuti zonse zimachitika ndi cholinga, nkutchula Aroma 8:28. Ndikudziwa ankafuna zabwino koma vesi imeneyo pa tsiku la maliro imabaya. Agogo ena anati ndi Napolo wadutsa, ngati muja anachitira ku Phalombe mu 1991, chinjoka chosamuka m'phiri. Aliyense anali ndi yankho lake, ine ndekha ndinalibe.

Ndiye usiku wina titabwerera ku Manja, mwana uja tsopano ali wanga, tagona pa mphasa imodzi, anandigwedeza. Anati, "Amayi aang'ono, amayi ankapemphera tsiku lililonse eti? Ndiye Mulungu sankawamva?" Ndisanayankhe anawonjeza kuti, "Kapena ndi chifukwa ndinaiwala kupemphera Loweruka lija?" Abale, mwana wa zaka 9 wasenza zimenezo masabata atatu osauza munthu. Ndinamukumbatira nkumuuza kuti ayi si iwe, si iwe mwanawe, koma funso loyamba lija ndinalibe choyankha chifukwa linali langanso.

Kutchalitchi ndinasiya. Miyezi inayi. Baibulo ndinaliyika pansi pa sutikesi. Sikuti ndinkati kulibe Mulungu, bola zikanakhala choncho, ine ndinkadziwa kuti alipo ndipo anaona zonse, ndiye ndinamukwiyira ngati momwe umakwiyira kholo lako loti linali pompo iwe ukumenyedwa.

Panali mayi ena achikulire a Mvano, anzawo a achemwali, amene ankabwera kwanga pafupifupi sabata iliyonse. Sankalalikira. Amafika, kukhala pakhonde, kusankha nyemba, kumuluka mwana tsitsi, nkumapita. Mayi amenewa anayika ana awo anayi nthawi ija matenda a Edzi ankatha anthu ma ARV aulere asanabwere mu 2004, nkulera okha zidzukulu. Tsiku lina ndinawaphulikira, ndinati amayi inu mumapembedzabe bwanji Mulungu woti anakulandani ana anayi? Sanadabwe. Anati, "Mwanawe, ine ndinamufunsa zaka zambiri ndipo nanenso sanandiyankhe. Koma kufunsako usasiye, uzimufunsa iyeyo, osati kumufulatira." Ponyamuka anati ndikawerenge Luka 13 ndi mutu womaliza wa Yobu.

Ndinatulutsa Baibulo usiku womwewo, mwaukali ndithu. Pa Luka 13 Yesu akukamba za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera nkuwapha, ndipo akufunsa ngati anthuwo anali ochimwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu, yekha nkuyankha kuti iyayi. Ndinabwereza kangapo. Anthu ogweredwa ndi chinthu ali chikhalire ngati achemwali anga, ndipo Yesu mwini wake akukana kuti sanafe chifukwa choipa kuposa anzawo. Zoona pomwepo akuti tonse titembenuke mtima, koma tonse, mlaliki uja ndi ine yemwe, osati kuloza chala akufa. Pa Yohane 9 chimodzimodzi, ophunzira akufunsa za munthu wobadwa wosaona kuti anachimwa ndani, iye kapena makolo ake, Yesu akuti palibe.

Za Yobu ku Sande sukulu anangotiphunzitsa kuti anapirira, basi. Sanatiuze kuti munthuyu anatemberera tsiku lomwe anabadwa, anakangana ndi Mulungu mitu yambirimbiri. Anzake atatu aja poyamba anachita bwino, anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osayankhula kanthu, ngati mayi a Mvano aja. Zinalakwika atatsegula pakamwa kuyamba kumufotokozera kuti pali tchimo lomwe wabisa. Ndipo kumapeto, mutu 42, Mulungu akukwiyira Elifazi ndi anzake kuti sanayankhule zoona za iye monga anachitira Yobu. Taganizani, oteteza Mulungu ndi amene anadzudzulidwa, wolira ndi kufunsa uja ndi amene anatchedwa mtumiki wanga. Chifukwa chomwe ana ake anafera Yobu sanauzidwe mpaka buku kutha, koma Mulungu anabwera nkuyankhula naye.

Pali mbali ina yomwe ndimavomereza ngakhale imawawa. Phiri la Soche kale linali nkhalango, tinalimeta tokha ndi makala, nkhuni ndi maplot, ine ndemwe ndagulapo makala osafunsa komwe achokera. Mitengo ikatha dothi limasowa chogwira, madzi akalowa limangotsetsereka. Komanso umphawi wokankhira amayi ngati achemwali kumtunda kuja sunagwe kumwamba, ndi anthu tinaupanga. Mulungu anatipatsa ufulu ndipo ufuluwo umapweteka ena osalakwa. Koma ndikunama ndikati zimenezi zimatseka nkhani, namondwe wa masabata asanu panyanja sanatumidwe ndi wootcha makala wa ku Chilobwe, ndipo Mulungu woletsa namondwe panyanja ya Galileya akanatha kuletsanso uyu. Sanaletse. Paulo amati chilengedwe chonse chikubuula kudikira kumasulidwa, ine kubuulako ndinakumva ndi makutu anga Lolemba lija.

Chomwe chinandibwezera kutchalitchi si yankho. Ndi pamtanda paja, Yesu akukuwa kuti Mulungu wanga, Mulungu wanga, mwandisiyiranji ine. Funso la mwana wa achemwali lomwelija, lili pakamwa pa Mwana wa Mulungu, ndipo tsiku limenelo kumwamba kunali zii. Mulungu amene ndimamupembedza anaikapo mwana m'manda. Ku manda a Lazaro analira chonsecho akudziwa kuti amuukitsa. Ndikamakumbukira anyamata aja akukumba matope ndi zala mpaka kutuluka magazi chifukwa cha mayi woti sakumudziwa nkomwe, pena ndimati mwina ndi pamene Mulungu anali. Pena sizindikwanira, ndimalirabe nkumufunsa za kamnyamata kaja.

Mwana ndinadzamuyankha mu Disembala chaka chomwecho, mvula yoyamba yamphamvu itagwa usiku. Anadzuka akunjenjemera ndi phokoso la pamalata, mpaka pano amatero. Ndinayatsa tochi ya pafoni nkumuuza kuti Mulungu ankawamva amayi ako tsiku lililonse, chifukwa chomwe sanaletsere phiri lija ine sanandiuze, koma sichinali chilango, ndipo iwe ukhoza kumufunsa wekha sakwiya. Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako anagwada pamphasa paja. Anati, "Mulungu, ndine uja wa ku Chilobwe. Mchimwene wanga mwamusunga kuti? Amaopa mdima, muzimuyatsira." Ine ameni anakanika kutuluka, anamunena yekha nkugona.

Gawo lotsatira ndidzakuuzani m'mene bambo ake anatulukira patatha chaka kudzafuna mwanayu.