Zikomo amalume, zikomo gulu la Loweruka

Abale anga a ku Mbare, Mufakose, Mabvuku, Epworth, ndi inu a kumudzi amene mumatsatira za kuno, mtima wakana kuti ndigone ndisananene zikomo. Misika ya fodya yatsegulidwanso muno mu Harare, malole a alimi ayambanso kundandalika ku Willowvale, ndipo ine chisiyireni kusuta nyengo ngati yomweyi chaka chatha sindinaikenso ndudu pakamwa. Ambuye alemekezeke. Ndikulemba manja akunjenjemera, kutopa ndi chimwemwe zasakanikirana.

Nkhani yanga mukuidziwa, sindiibwereza yonse. Chifuwa chija, kugona kwanga kuchipatala, mphumu ya mwana wathu, mai a kunyumba akulira pakhonde. Zimenezo munaziona. Chimene ambiri simunachione ndi cha m'bandakucha, ndipo mboni yake ndi amalume a ku Mufakose.

Si amalume anga a magazi ayi, tonse m'gulu lathu la Loweruka lothandizana kusiya fodya timangowatchula choncho. Anabadwira pa famu ya fodya ku Mashonaland. Makolo awo anachoka ku Dedza nthawi ya Chitaganya, zaka zija za pakati pa 1953 ndi 1963, monga momwe bambo anga anachokera ku Ntcheu kudzathyola fodya wa azungu. Anayamba chingambwe ali kamnyamata kothandiza kusoka masamba, ndipo anasiya TB itawagwetsa. Anandipeza pa benchi ya kukiliniki ndikutsokomola, nakhala pambali panga ngati timadziwana kale. Sanandilalikire. Anangondifunsa kuti, "Aphwanga, ndudu yoyamba mumayatsa nthawi yanji?" Ndinati kusanache, ndisanapite kokwera kombi. Anatenga nambala yanga basi.

Mawa lake, tambala asanalire kachiwiri, foni inalira. "Mwadzuka bwanji aphwanga? Imwani madzi, ndikudikira." Ndinamwa, iwo ali pafoni. Kenako anayamba kundifunsa za kwathu ku Ntcheu, za mbatata ya kachewere, za mudzi umene ine ndinangoumva m'kamwa mwa bambo anga, mpaka ndinapezeka ndavala nsapato, ndatuluka, ndudu osayatsa. Anachita zimenezi m'mawa uliwonse kwa miyezi, ndi mayunitsi ogula ndi kandalama kawo ka penshoni, munthu wamkulu woyenera kukhala ali m'bulangete nthawi imeneyo. Mukudziwa mmene June ndi July amazizirira kuno. Amalume ankadzuka m'chisanu chimenecho chifukwa cha mwana wa eni. Ndikaganiza zimenezi pakhosi pamatsekeka.

Sabata yoyamba inali yoopsa. Mutu unkandiwawa, tulo osabwera, thukuta usiku, ndipo mkwiyo unkangobuka popanda wondiputa. Ana ankandizemba. Magetsi akazima madzulo, nyumba ili zii, m'pamene chibaba chinkafika ndi mphamvu zake zonse, chifukwa kale nthawi imeneyo ndinkatuluka kukakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba n'kuyatsa. Amalume ankati chibaba chili ngati mvula ya mkuntho ya mu November, imabwera mwaukali koma siichedwa kukata, chofunika n'kupeza pousa kwa mphindi zochepa. Pousa panga panali foni yawo. Usiku wina ndinawaimbira pakati pa usiku ndili kale panjira yopita kwa mnyamata wogulitsa ndudu imodziimodzi pakona. Sanandikalipire. Anati, "Imani pomwepo, tiimbe nyimbo." Tinaimba ya m'buku la nyimbo, iwo ku Mufakose, ine pamsewu ku Mbare, mawu awo akusasa, mpaka ndinatembenuka. Amalume, Mulungu amene anakuonani usiku umene uja akukumbukireni.

Ena mumadziwa ntchito yanga. Ndimanyamula mabelo a fodya. Zimbabwe ndi dziko lolima fodya wambiri kuposa lina lililonse mu Africa, ndipo misika ikatsegulidwa cha mu March fungo lake limalowa m'malaya, m'tsitsi, ngakhale mu nsima imene watenga kunyumba. Anzanga ena m'gulu anatha kuthawa malo osutira, ine ayi, chifukwa fodya yemweyo ndiye amalipira lendi ndi fizi ya ana. Sindinyoza mlimi, sindinyoza ntchito imene inalera ife tonse ana a anthu obwera. Bambo anga ankabwera kumunda akusanza, mutu ukuzungulira, akathyola masamba onyowa ndi mame, ndipo tinkati ndi dzuwa. M'gulu m'mene ndinamva kuti chikonga chimalowera pakhungu munthu akagwira masamba aawisi onyowa. Chomwecho chikonga chinalowa m'banja mwathu ine ndisanabadwe n'komwe. Amalume, amene anakulira m'zigafa, ankamvetsa zimenezi popanda kuwafotokozera. Pa nthawi yopuma kuntchito, anzanga akamayatsa, uthenga wawo unkafika: "Tafunani mtedza, pitani kumpopi mukasambe kumaso." M'thumba la ovolosi mmene munkakhala machesi tsopano mumakhala mtedza wokazinga wa ku Mbare Musika.

Gulu lathu la Loweruka, ndikuthokozeni bwanji? Timakumana m'kachipinda kamene mpingo unatibwereka, mipando yosakwana, ena pa makreti. Tilipo Achewa, Ayao, Ashona, timasakaniza zinenero mpaka timvane. Palibe dokotala pakati pathu, ndife anthu amene tinagwidwa ndi chinthu chimodzi. Tsiku loyamba ndinkayembekezera kuweruzidwa, koma ndinapeza amai ena achikulire akufotokoza mmene fodya wamphuno anawagwirira zaka zambiri, kabotolo akubisa m'mpango, osafuna kuti a kumvano adziwe. Analira, tonse tinakhala chete, kenako wina anayamba kuwomba m'manja. Ndinadziwa kuti ndafika kwathu.

Achimwene athu achisilamu a ku Epworth, zikomo. Munatiuza kuti m'mwezi wa Ramadan mumatha tsiku lonse osasuta kuchokera m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndiye kuti thupi limatha, chovuta ndi ola lija lomasula. Mawu amenewo anandilimbitsa kuposa mmene mukuganizira. Mtsikana wathu wa ku koleji, amene unagwidwa ndi vape, ndudu ija yamagetsi, poganiza kuti ndi nthunzi chabe yonunkhira zipatso, zikomo chifukwa chosamala gulu la pa WhatsApp. Munthu akalemba usiku kuti "zandivuta", sipadutsa nthawi wina asanayankhe. Pali usiku wina umene anandiyankha anthu anayi nthawi imodzi, wina ndi pemphero, wina ndi nthabwala, wina anangoti "ndili maso nanu".

Ndithokozenso anamwino amene anabwera kudzatiphunzitsa pa tsiku lawo lopuma, cha kumapeto kwa May, pokumbukira tsiku la 31 May limene dziko lonse lapansi limalimbikitsa kusiya fodya. Anatiuza kuti chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi ochepa munthu akangokoka utsi, n'chifukwa chake chimagwira msanga chotere, ndipo kuvutika posiya si kufooka kwa munthu koma ndi thupi limene linazolowera. Anatiuzanso zimene bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse lapansi, limanena: pakatha mphindi 20 chisiyireni, kugunda kwa mtima kumayamba kutsika; pakatha maola 12, mpweya woipa wa carbon monoxide m'magazi umabwerera mwakale; pakatha chaka, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. Amalume anandiuza kuti ndilembe zimenezi papepala, ndipo mai a kunyumba analimata kuseri kwa chitseko. Pamene chifuwa chinawonjezeka m'miyezi yoyamba, makhololo akutuluka akuda, ndinachita mantha kuti matenda abwerera. Anamwino omwewo anati kawirikawiri amakhala mapapo akudziyeretsa, komabe ndipite ndikayezetse, ndipo amene anandiperekeza kukayezetsa ndi amalume. Anakwera makombi awiri kuti adzakhale nane pamzere. Zotsatira zitatuluka zabwino, anavula chipewa pomwepo n'kupemphera mokweza, anthu akutiyang'ana.

Mankhwala othandiza kusiya alipo m'mafamase, zomata pakhungu ndi chingamu cha chikonga, ndipo kwa amene angathe ndi abwino, anzathu ena awathandiza. Ine mtengo wake wa madola unandikanika. Ndinali ndi anthu basi, ndipo anthuwo anakwana.

Tsono pali enanu. Sinditchula maina, mukudzidziwa. Inu amene tinkakhala limodzi Lachisanu lililonse, amene ndinkakugawirani ndudu yanga yomaliza, pamene ndinagona kuchipatala simunaponde n'komwe. Nditatuluka munkandipemerera utsi kumaso dala, mukuti tione ngati afike mwezi. Ena a pachibale penipeni munauza mai a kunyumba kuti asataye nthawi, mwana wa wosuta amafa akusuta. Zinandipweteka, ndipo zikundipwetekabe, sindinama. Sindikusungirani mangawa. Koma tsiku limene chifuwa chidzakudzutseni usiku, nambala yanga ndi yomwe ija, ndipo ine ndidzayankha.

Mai a kunyumba, inu ndiye munasenza zolemera. Munapirira ukali wanga, munachapa makatani ndi mabulangete onse kuti fungo lichoke, munataya mbale ija ya phulusa ine ndisanadzuke. Njala itandigwira ngati ya munthu wochira, munkaphika usiku osadandaula. Ndalama imene inkathera kwa ogulitsa ndudu munkaiponya m'chitini tsiku ndi tsiku, ndipo mwezi watha yagula yunifomu ndi nsapato za mwana. Mwanayo tsopano amagona usiku wonse, kampope kake ka mphumu kamatha masabata osakagwira. Tsiku lina anandikumbatira n'kunena kuti adadi mukununkhira sopo. Ndinalowa kuchipinda kukalira.

Ambuye Yesu, Inu mukudziwa kuti pandekha sindikanatha. Munanditumizira munthu wa imvi wochokera ku Mufakose pamene ndinalibe mphamvu yopempha thandizo. Mudalitseni, mumuwonjezere masiku. Mugwirenso dzanja anzanga a m'gulu amene agwa sabata ino, asachite manyazi kubwerera. Amen.

Chibaba sichinatheretu ayi. Chimabwerabe ndikamva fungo la machesi, kapena pamaliro usiku amuna akakhala pamoto. Dzulo lomweli belo lina litang'ambika m'manja mwanga, malovu anadzaza m'kamwa. Ndinatafuna mtedza n'kutumiza uthenga, ndipo yankho la amalume linabwera ndisanabweze foni m'thumba.

Abale, ndikupempheni chinthu chimodzi. Amalume sakupeza bwino masiku ano. TB ija inawasiyira zipsera m'mapapo, ndipo akayenda pang'ono amapuma movutika, komabe Loweruka lapitali anabwera, atatsamira ndodo, chifukwa kunali mnyamata watsopano wa ku Tafara amene sanafune kuti afike n'kupeza mpando wawo uli wopanda munthu. Muziwakumbukira m'mapemphero. A m'gulu tagwirizana zosonkha kangachepe ka mayendedwe awo a kuchipatala, amene mungathe kuponyapo mundilembere kumbali. Iwo sakudziwa kuti ndalemba zimenezi, ndipo ndikudziwa kuti akamva adzandidzudzula kuti ndawaika pagulu. Andikhululukire, sindikanatha kukhala chete.

Ngati ndaiwala wina, si mtima, ndi kutopa. Loweruka tikumana nthawi yomwe ija, ndipo tiyi ndi mabanzi ndigula ine. Amalume, musakwere kombi, ndapeza galimoto yodzakutengani pakhomo. Zikomo, zikomo kwambiri.