Zikomo nonse: kabuku ka anzathu a ku DEC katuluka, chipinda cha Fomu 4 chafoleredwa

Ife a komiti ya ophunzira akale a sukulu yathu ija ya cha ku Lunzu tikuthokoza aliyense amene anatengapo mbali pa ntchito ziwiri zimene zatha tsopano: kabuku ka mayina, zithunzi ndi zikumbutso za gulu lathu, komanso kukonza chipinda cha Fomu 4. Talemba motalikirapo dala, chifukwa achimwene ndi achemwali a magulu a pambuyo pathu akhala akufunsa mmene ntchitoyi inayendera.

Chimene chinavuta koposa si ndalama ayi, ndi mayina. Ambirife tinalowa sukuluyi ikadali DEC (Distance Education Centre), pansi pa Malawi College of Distance Education, tikulimbirana maseti, timabuku ta maphunziro tosindikizidwa tija, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 boma linasandutsa ma DEC kukhala ma CDSS, masekondale oyendera a m'madera. Motero gulu limodzi lomwelo limapezeka m'makaundula awiri, ndipo wakaleyo masamba ena anadyedwa ndi chiswe. Zikomo aphunzitsi aakulu apano potilola kukopera mayinawo pamanja mu ofesi momwemo, buku osatuluka nalo. Magulu ena muchite chimodzimodzi: kaundula akangotuluka pakhomo la ofesi sabwerera wathunthu.

Komabe kaundula yekha sakwanira, pakuti munthu mmodzi amakhala ndi mayina atatu: la m'kaundula, la m'kalasi lija tinkaitanirana, ndi limene akudziwika nalo lero. Achemwali ambiri anatenga dzina la kwa amuna awo. Ena analembetsa sukulu ndi dzina la amalume amene ankawalipirira fizi. Enanso, tisabisane, anasintha dzina pobwereza Sitandade 8, ndipo kumudzi kwawo dzina la pa satifiketi palibe amalidziwa. Choncho tinagwirizana kuti dzina lisalowe m'kabuku mpaka anthu awiri ochokera midzi yosiyana atsimikize, aliyense payekha, ndipo anene kumene munthuyo ankachokera komanso chaka chimene anasiyira. Popanda lamuloli anthu awiri a dzina lofanana amasanduka munthu mmodzi, kapena munthu mmodzi amalembedwa kawiri, koyamba ndi dzina la bambo ake, kachiwiri ndi la amuna ake.

Gulu la pa WhatsApp limangopeza okhawo amene zinthu zikuwayenderako. Enawo anapezeka chifukwa cha abusa ndi mashehe amene analengeza m'matchalitchi ndi m'mizikiti, agulupu ndi anyakwawa amene anatumiza uthenga m'midzi, amayi ogulitsa tomato ndi anyezi pamsika wa Lunzu, ndi makondakitala a minibasi za msewu wa Lirangwe ndi Mdeka amene ankanyamula timakalata ulere. Inu nonse, zikomo kwambiri. Panali maganizo akuti m'kabukumu mulowe okhawo amene analemba MSCE. Tinakana, ndipo tikanakananso lero. Amene anasiyira Fomu 2 atalemba JCE chifukwa fizi inasowa, kapena chifukwa cha pathupi, anakhala nafe pa benchi imodzi. Pa chifukwa chomwecho mapointi a munthu aliyense sitinalembe, ngakhale a amene anakhoza bwino.

Tikuthokoza mwapadera mabanja a anzathu amene anatisiya. Nkhani yotere sakambira pa foni. Ankapita anthu awiri, kufikira kwa mwini mbumba kapena wamkulu wa pakhomo, kufotokoza cholinga, kenako kupempha chilolezo cha dzina ndi chithunzi. Chimene chinatenga munthu sitinafunse ndipo sitinalembe. Mabanja amene anati dzina lokha likwanira, tinalemba dzina lokha.

Za zithunzi. Namondwe wa Freddy atagwa mu Malichi 2023, anzathu ena okhala ku Chilobwe, Manje ndi Ndirande anataya katundu, ndipo zithunzi zimene zinapulumuka zinali zitamatirirana ndi matope. Zikomo kwa achimwene athu ojambula zithunzi ku Limbe amene anatiphunzitsa kasamalidwe kake. Zithunzi zomatirirana musazikoke zili zouma, chifukwa nkhope imatsalira kumbuyo kwa chinzake. Ziviikeni m'beseni la madzi oyera ozizira kwa kanthawi mpaka zitayamba kulekana zokha, muzitsukuluze osapukuta pankhope, muziyanike chagada pa nsalu yoyera pamthunzi. Padzuwa zimapindika. Chimene chamatirira ku galasi kapena ku pulasitiki ya alubamu, chijambuleni kaye momwemo musanayese china chilichonse. Pojambula ndi foni, ikani chithunzi pa tebulo pakhonde masana, muzimitse fulashi, foni ikhale yolunjika pamwamba osati chopendekera. Potumiza pa WhatsApp chitumizeni ngati dokyumenti. Mukatumiza mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, ndipo posindikiza nkhope za mzere wakumbuyo zimangokhala madontho. Mayina kumbuyo kwa chithunzi lembani ndi pensulo, kuyambira kumanzere, mzere ndi mzere. Inki ya bolopeni imadinda kutsogolo ndipo ikanyowa imafalikira.

Zikumbutso zenizenizo zinabwera ndi mawu ojambulidwa pa foni. Funso lakuti "ukukumbukira chiyani za kusukulu" silibala kanthu, aliyense amangoti kunali bwino. Mafunso amene anatsegula anthu pakamwa ndi ang'onoang'ono: unkadzera njira iti, unkadya chiyani pa buleki, unkakhala pafupi ndi ndani, chilango chako choyamba chinali chotani. Pamenepo m'pamene panatuluka za kuwoloka mtsinje m'dzinja nsapato ndi makope zili pamutu, za chimanga chokazinga m'thumba la yunifolomu, za chinangwa ndi zitumbuwa za pageti zimene amayi aja ankakongoza mpaka kutha kwa mwezi. Panatuluka za kutchetcha bwalo la mpira ndi kukumba dzenje la zinyalala, za timanyumba ta lendi ta oyendera kutali momwe anthu anayi ankaphikira poto mmodzi, za kuwerenga ndi koloboyi mpaka m'mphuno kuda, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira kuti tulo tisabwere. Pafupifupi aliyense anatchula za kuzungulira wailesi kumvera MBC ikuwerenga mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite, ngakhale tinkadziwa kuti a ku DEC kawirikawiri sankamveka. Pamene anthu awiri anakumbukira chinthu chimodzi mosiyana, monga amene anagoletsa chigoli pa mpira wina wotchuka uja, tinasindikiza mbali zonse ziwiri. Za zibwenzi zakale tinazisiya, anthu ali pa mabanja awo.

Aphunzitsi athu amene akali moyo, makamaka bambo a masamu ndi mayi a Chichewa, anawerenga zonse tisanasindikize nakonza zaka zimene tinasokoneza. Bambo ndi mayi, tikuthokoza. Cholembera chofiira chija chikadali chakuthwa.

Tsopano za chipinda. Amisiri atakwera padenga anapeza kuti malata sanali vuto lalikulu: mathirasi, matabwa onyamula denga aja, anali atangokhazikidwa pakhoma osamangiriridwa, ndiye mphepo ikalowa pa mawindo opanda magalasi inkanyamula denga lonse. Pano thirasi lililonse lamangidwa ndi waya wochindikala wolowa m'khoma mizere ingapo ya njerwa, ndipo matabwa onse anapakidwa mankhwala a chiswe asanakwezedwe, makamaka m'mapeto modulidwa. Tinagula malata a geji 28. Kumbukirani kuti nambala ikamakwera lata limapyapyala, ndiye a geji 32 ndi otsika mtengo koma sachedwa kung'ambika pa msomali. M'mbali malata apitirirane mzere umodzi ndi theka, polumikiza m'litali masentimita osachepera 15, ndipo msomali ukhomedwe pamsana pa lata, osati m'ngalande modutsa madzi. Pansi tinasakaniza thumba limodzi la simenti la makilogalamu 50 ndi mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje, n'kumathirira madzi masiku 7. Mchenga muziuyesa kaye: thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, mudikire. Dothi likakhala lochindikala pamwamba pa mchengawo, simenti yanu idzafumbutuka chaka chisanathe. Zikomo makolo a komiti ya sukulu ndi ana a Fomu 3 amene anatunga madziwo.

Ndalama zinkabwera pa Airtel Money ndi pa Mpamba. Vuto lake ndi lakuti uthenga umaonetsa dzina la mwini nambala, amene nthawi zambiri ndi ejenti kapena mwana wa wotumizayo, choncho aliyense ankatumizanso dzina lake ndi nambala ya risiti kwa msungichuma ndi kwa mlembi. Ndalama yotapira muziiwerengeratu mu bajeti. Ndipo musasunge ndalama kudikira kuti zikwane zonse: amene anaona mitengo ya simenti ndi malata kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 akudziwa chifukwa chake. Zikakwana za malata khumi, gulani malata khumi musunge kusukulu, mulembetse. Anzathu a ku Johannesburg ndi Cape Town, zanu zinafika zonse ndipo zili m'ndondomeko imene yaikidwa pagulu.

Mabuku ali kwa mlembi ndi ku ofesi ya sukulu, ndipo mabanja a anzathu omwalira alandira lawo kwaulere. Tsamba lomaliza lili ndi mayina a anzathu amene sitinawapeze. Amene mukudziwa kumene ali, kapena mwaona dzina lolembedwa molakwika, uzani mlembi mwezi uno usanathe kuti tikonze tisanasindikize ena.