Mchenga wa mu Bua ndi madzi a m'zitsime zakumadimba

Semesita ino tili ndi kosi ya madzi apansi pa nthaka, ndipo mutu umene wandikhudza kwambiri ndi wokumba mchenga ndi timiyala m'mitsinje. Kwathu ndi ku Mchinji komwe Bua amayambira, ndiye zomwe aphunzitsi amajambula pa bolodi ine ndimaziona ndi maso pa holide, matipa kutsetserekera kudambo opanda kanthu nkumakwera atadzaza, madzi akuchucha kumbuyo msewu wonse.

Madzi ochuchawo ndiye nkhani yake. Mu labu tinadzaza ndowa ya malita 20 ndi mchenga wouma nkumathira madzi pang'onopang'ono, analowa pafupifupi malita 6 asanaonekere pamwamba. Malita 6 mu ndowa yooneka yodzaza kale! Ndiye taganizani mchenga wonse wogona pansi pa mtsinje ndi m'mbali mwake, ndi thanki yaikulu yomwe mvula imadzaza kuyambira Disembala mpaka Malichi, ndipo dzuwa siliyamwa msanga chifukwa madziwo abisala mkati. Nchifukwa chake mu Okutobala timitsinje tikauma amayi amafukula mchenga ndi mbale nkupeza madzi oyera bwinobwino.

Pali lamulo lomwe Henry Darcy wa ku France analemba mu 1856, limati madzi oyenda mu mchenga amachoka pomwe ali pamwamba kupita pomwe ali pansi, ndipo kusiyanako kukakula nawonso amathamanga. Masamu ake ndi ochepa koma tanthauzo lake kumudzi ndi lalikulu zedi. Mukakumba pansi pa mtsinje nkutsika ndi mita imodzi, madzi amene anali m'nthaka ya m'mbali amayamba kutsikira komweko, pang'onopang'ono osamveka, mpaka mulingo wawo kudambo konse watsika nawo. Tsono zitsime zakumadimba kwathu sizakuya ayi, munthu amakumba ndi khasu mamita awiri kapena atatu basi, amatunga ndi kheni atangowerama. Madzi akatsika pang'ono chabe chitsime chotere chimatsala matope, ndipo chimauma nthawi yomwe tomato ndi chimanga chachiwisi zikufuna madzi kwambiri. Mjigo sumva msanga poti umatunga pansi kwambiri m'miyala yofumbutuka, nde anthu apamjigo amati palibe chasintha pomwe wakudimba akukumba mowonjezera chaka ndi chaka. Ichi chimandipweteka, chifukwa amene dimba lake lauma nthawi zambiri si amene analandira ndalama ya mchengawo, mwinanso sadziwa nkomwe kuti ziwirizi zikugwirizana, amangoti mvula ya masiku ano.

Mayenje otsala pokumba mchenga aja nawo ndi vuto lina. Madzi amene anali obisika tsopano ali poyera, dzuwa likuwamwa, ng'ombe zikulowamo, oyilo wa magalimoto ndi feteleza wokokoloka m'minda zikugweramo popanda mchenga wosefa, ndipo ndi madzi omwewo olumikizana ndi zitsime zapafupi. Udzudzu osanena, ana osambiramo mtima sukhala m'malo. Komanso mtsinje ukalandidwa mchenga umakautenga kwina, umayamba kudya magombe ake ndi pansi pake kubwerera kumtunda, nthochi ndi nzimbe za m'mbali kugwera m'madzi, ngakhale zipilala za mlatho zimatha kutsala pamtunda.

Komatu sindingaloze chala anyamata a fosholo, ena ndinaphunzira nawo ku pulayimale, ganyu yopakira tipa ndi imene ikugula sopo ndi ufa kunyumba kwawo. Ndipo mchenga tonse tikuufuna. Kuchokera pomwe boma linakhazikitsa malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu pofuna kuteteza mitengo, mabuloko a simenti achuluka, ndipo buloko ndi mchenga. Malamulo oteteza madzi alipo, la madzi la 2013 ndi la zachilengedwe la 2017 lomwe linabweretsa bungwe la boma loteteza chilengedwe la MEPA, koma kudambo tipa ikabwera amene amaona ndi amfumu ndi eni madimba, nde iwowa ndi oyenera kumva nkhani ya mulingo wa madziyi m'Chichewa chomveka.

Maganizo anga ndi oti mchenga uzitengedwa wapamwamba wokha umene madzi osefukira asiya chaka chimenecho, fosholo ikangofika ponyowa basi aleke, komanso kutali ndi zitsime ndi milatho, malo nkumasinthasintha kuti pena pazipuma. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndikufuna ikhale yomweyi. Sizifuna zida zodula, chingwe chomangirira kamwala ndi tepi basi, kuyeza kuya kwa madzi m'zitsime zoyandikana ndi pokumbidwa ndi zina zakutali, mwezi ndi mwezi kuyambira Meyi mpaka mvula yoyamba. Amalume avomera kale kuti aziyeza chawo ine ndikakhala kusukulu, manambala azinditumizira pa WhatsApp.