Ndimadziyesa dolo pa chiwongolero

Ine laisensi ndinatenga kalekale ndipo ndimadzimva kuti pamsewu palibe wondiuza, ndiye abwana atanena kuti tonse oyendetsa magalimoto akuntchito tikachite defensive driving, maphunziro oyendetsa mopewa ngozi, ndinangoti aaa ndalama zongotaya izi. Tsiku loyamba lomwelo mphunzitsi anandithetsa matama. Anandifunsa kuti ukamathamanga makilomita 100 pa ola, pa sekondi imodzi galimoto imayenda mamita angati, ine zii. Ati pafupifupi 28. Ndiye ukangosuzumira pa foni masekondi awiri basi wadutsa theka la bwalo la mpira usakuona kutsogolo, ndipo pa M1 mukudziwa nokha, mbuzi, akabaza, minibasi yongoima paliponse opanda indiketa.

Anatiphunzitsanso kuwerenga mpata. Yakutsogolo ikadutsa mtengo kapena chikwangwani uwerenge mpaka 3 iwe usanafikepo, kukamagwa mvula mpaka 6. Ine kale ndinkachita kununkhiza bampa ya mnzanga eti.

Za mabuleki ndiye manyazi anandigwira. Galimoto ya ABS, mabuleki oletsa matayala kuloka ukaponda mwadzidzidzi, supopa ayi, umangoponda mwamphamvu osachotsa phazi, pedulo imanjenjemera ngati china chake chathyoka pansipo koma ndi mmene imagwirira ntchito ndipo chiwongolero chimamverabe. Poyeserera koyamba ndinachita mantha nkuchotsa phazi, makoni awiri gwa pansi, anzanga kuseka mpaka misozi.

Potsika phiri ngati la Chiweta ati lowetsa giya yaing'ono injini izikugwirira, osamangoponda mabuleki mpaka atenthe nkumanunkha. Sabata yamawa ndili ndi ulendo wa ku Karonga, ndikayesa komweko.